Gumbwa ndi stingray ya mu Mekong: zomwe mayina awo ndi Red List zimanena

Pa ndandanda wa zamoyo womwe bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN limasunga, uja umadziwika kuti Red List, pambali pa dzina la gumbwa pali zilembo ziwiri: LC. Tanthauzo lake n'lakuti chomerachi sichikudetsa nkhawa kwenikweni. Pa ndandanda womwewo pali chinsomba chaphwatalala cha mumtsinje wa Mekong ku Asia, mtundu wa stingray womwe ndi nsomba yolemera kuposa ina iliyonse ya m'madzi opanda mchere yomwe anthu anaiyezapo pa sikelo. Zilembo zake ndi EN, kutanthauza kuti chili pangozi yaikulu yotheratu. Wowerenga mothamanga anganene kuti nkhani yathera pomwepo, gumbwa ali pamtendere ndipo nsombayo ili pamoto. Pa nsombayo sanalakwitse. Pa gumbwa wanena zoona zochepa chabe, chifukwa zilembozi zimayankha funso limodzi lokha, ndipo kawirikawiri si funso lomwe munthu wokhala m'mbali mwa dambo amafunsa.

Kuti zilembozi zimveke, tiyambe ndi mayina, popeza palibe amene angawerenge chamoyo chomwe sanagwirizane kuti ndi chiti. Akatswiri amasanja zamoyo m'magulu olowana, kuyambira lalikulu kwambiri lomwe amalitcha ufumu, kutsika pang'onopang'ono mpaka pa banja, kenako mbumba, pomaliza mtundu weniweniwo. Njira yopatsa chamoyo chilichonse mayina awiri a Chilatini inakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo pa zomera imawerengedwa kuyambira mu 1753. Dzina loyamba lili ngati mfunda, Phiri kapena Banda, lomwe abale ambiri amagawana, ndipo lachiwiri ndi la mwiniwake yekha. Gumbwa anapatsidwa dzina ndi Linnaeus yemweyo m'chaka chomwecho: Cyperus papyrus. Mpaka lero dzinalo silinasinthe. Nsomba ija pano imatchedwa Urogymnus polylepis, koma kuti ifike pa dzina limeneli yadutsa mayina angapo, ndipo tiona kuti kusinthaku kunakhudza mmene dziko linkaonera ngozi yake.

Anthu ambiri amamuika gumbwa pamodzi ndi bango, ati zonsezo ndi udzu wa m'madzi. M'maso mwa akatswiri a zomera, izi ndi zosiyana mabanja. Bango ali m'banja la udzu, lotchedwa Poaceae, limodzi ndi chimanga, mpunga, mapira, nzimbe ndi nsungwi. Njedza, yemwe wadzaza m'madambo a nyanja ya Chilwa, ali m'banja lakelake la Typhaceae. Gumbwa ali m'banja la Cyperaceae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 5,000, ndipo mbale wake wapafupi ndi dawe, kaudzu kovuta kaja komwe mlimi amapalira lero mawa kaphukanso. Dawe ndi gumbwa mfunda wawo ndi umodzi, onse ndi a Cyperus. Mabanja atatuwa amakumana pamwamba pang'ono, m'gulu la Poales, ndipo onse ndi zomera zochita maluwa zomwe mbewu yake imaphuka ndi katsamba kamodzi.

Kusiyanaku mungakuone ndi mpeni m'manja. Dulani bango, mupeza phesi lozungulira, lamphako mkati, lokhala ndi mfundo. Dulani gumbwa chakumunsi, mupeza phesi la mbali zitatu zosongoka pang'ono m'makona, lopanda mfundo kuchokera pansi mpaka kunsonga, khungu lobiriwira losalala, ndipo mkati modzaza ndi chinthu choyera chofewa chomwe chimabonyezeka mukachifinya ndi chala. M'choyeracho muli timipata tambirimbiri todutsa mpweya kupita kumizu, popeza matope a m'dambo alibe mpweya wokwanira. Masamba enieni ndi timakoko tofiirira tokuta tsinde pansi penipeni. Chingayaye chomwe timachiona pamwamba si masamba, koma timapesi ting'onoting'ono tonyamula maluwa. Phesi limodzi limatha kutalika mamita 4 kapena 5. Choyera chamkaticho ndicho Aiguputo akale ankachilenga mopyapyala, n'kuyala zidutswa zina chotalika zina chopingasa, n'kuzipanikiza mpaka zitagwirana kukhala cholembapo. Zolemba zakale kwambiri za pa gumbwa zomwe zilipo zinapezeka mu 2013 ku Wadi al-Jarf, m'mbali mwa Nyanja Yofiira, ndipo ndi za m'nthawi ya Farao Khufu, zaka pafupifupi 4,500 zapitazo.

Ya stingray ndiye imadabwitsa kwambiri. Ife tikati nsomba timaphatikiza zonse zokhala m'madzi zopuma ndi makha, koma akatswiri amazigawa pawiri kuyambira patali. Pali za mafupa enieni, monga chambo, usipa, mlamba ndi kampango. Ndiye pali zomwe thupi lake lonse limagwiridwa ndi chichereŵechereŵe, chofewa chija chili m'khutu ndi pamphuno pathu, ndipo gulu limeneli limatchedwa Chondrichthyes. Mmenemo ndimo muli shaki ndi stingray. Magulu awiriwa anapatukana zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, ndipo nyama zonse za msana zoyenda pamtunda, kuphatikizapo munthu, zinachokera ku mbali ya za mafupa. Zotsatira zake n'zakuti pa chibale, chambo ali pafupi ndi msodzi yemwe wamugwira kusiyana ndi stingray. Mkati mwa gulu lakelo, stingray ya mu Mekong ili m'chigawo cha Myliobatiformes, m'banja la Dasyatidae, la zija zokhala ndi mchira wautali wowonda. Ambiri a m'banjali ndi a m'nyanja zamchere. Ochepa okha ndiwo anazolowera mitsinje.

Thupi lake linapangidwira moyo wa pansi. Zipsepse za m'mbali zinafutukuka n'kulumikizana ndi mutu, mwakuti nsomba yonse ndi chimbale chimodzi chopyapyala, chotuwira moderako pamwamba, choyera kumimba kokhala ndi mzere wakuda m'mphepete. Maso ndi aang'ono, ali pamwamba. Kamwa ndi timipata ta makha zili pansi. Popeza imagona pamchenga kamwa itatsamira pansi, madzi opumira imakokera pa mabowo awiri omwe ali kuseri kwa maso. M'madzi a matope a Mekong maso sathandiza kwenikweni, choncho imasaka ndi timabowo ta pakhungu tomwe timamva mphamvu yochepa ya magetsi yotuluka m'thupi la nkhanu, nkhono kapena kansomba kobisala m'matope. Pamchira pali mbola yamanomano yokutidwa ndi ululu, yomwe imatha kufika masentimita 38, yaitali kuposa ya stingray ina iliyonse. Mbolayo si yosakira chakudya. Ndi yodzitetezera ikapondedwa kapena kukokedwa.

Mu June 2022, msodzi wina wa m'chigawo cha Stung Treng kumpoto kwa Cambodia anakola yaikazi pafupi ndi chilumba cha Koh Preah. M'malo moipha anadziwitsa ofufuza a pulojekiti ya Wonders of the Mekong, omwe anabwera ndi masikelo. Inalemera makilogalamu 300, kutalika kwake pamodzi ndi mchira kunali pafupifupi mamita 4, ndipo m'lifupi inali mamita 2.2. Inaposa chimlamba cha mu Mekong momwemo cha makilogalamu 293 chomwe chinagwidwa ku Thailand mu 2005. Anthu a m'deralo anaitcha Boramy. Ofufuzawo anaiika kachipangizo kotumiza phokoso pansi pa madzi n'kuibwezera mumtsinje, ndipo zomwe anapeza pambuyo pake n'zofunika kwambiri kuposa kulemera kwakeko: chinsomba chachikulu chonchi sichinkayenda kutali. Nthawi yambiri chinkakhala m'kachigawo kochepa ka mtsinje komwe kuli maiwe akuya. Nyama yokhazikika malo amodzi chotere imapulumuka malowo akatetezedwa, ndipo imatha malowo akaonongeka.

Tsopano za mayina aja. Woyamba kuifotokoza m'mabuku a sayansi anali Pieter Bleeker, dokotala wa ku Netherlands yemwe ankagwira ntchito ku Java, mu 1852. Anali ndi kamwana chabe ka nsombayi, ndipo anakatcha Trygon polylepis. Zomwe analembazo zinaiwalika kwa zaka zoposa 100. Mu 1990 akatswiri awiri, Supap Monkolprasit ndi Tyson Roberts, anafotokoza zinsomba zikuluzikulu za mumtsinje wa Chao Phraya ku Thailand ngati mtundu watsopano, n'kuutcha Himantura chaophraya. Pa dzina limenelo panaikidwanso zina zofanana nazo za m'mitsinje ya kumpoto kwa Australia. Mu 2008 Peter Last ndi Mabel Manjaji-Matsumoto atayerekeza bwino anapeza zinthu ziwiri. Choyamba, ya ku Thailand ndi yomweyo ya Bleeker, choncho dzina lakale la polylepis linabwerera, pakuti lamulo la mayina limati loyamba ndilo limapambana. Chachiwiri, za ku Australia ndi mtundu wina, ndipo zinapatsidwa dzina lake kuchokera ku mtsinje wa Daly. Mu 2016, banja lonse la Dasyatidae litaunikidwanso pogwiritsa ntchito DNA, nsombayi inasamutsidwa kupita ku mbumba ya Urogymnus.

Ena amaona ngati izi ndi mikangano ya anthu ophunzira yopanda phindu kwa msodzi. Ine sindikuvomereza. Nthawi yomwe za ku Asia ndi za ku Australia zinkawerengedwa ngati mtundu umodzi, mtunduwo unkaoneka wofalikira dera lalikulu, mbali ina ili m'mitsinje yokhala ndi anthu ochepa komanso usodzi wochepa. Pa Red List unali pa VU, sitepe imodzi kutsika kuchokera pa EN, ngakhale kuti za ku Thailand pazokha zinali zitaikidwa kale pa CR, gawo la ngozi yoopsa kuposa EN. Za ku Australia zitachotsedwa, zomwe zinatsala ndi za m'mitsinje yopanikizika yokhayokha: Mekong, Chao Phraya, Mae Klong, Bang Pakong, ndi ina ya ku Borneo monga Kinabatangan ndi Mahakam. Kuyambira mu 2011 mtunduwu uli pa EN. Mzere womwe katswiri wa mayina amajambula pakati pa mitundu iwiri ndi womwewo umanena kuti tikuwerenga nyama ziti, ndipo mtundu wosowa ukhoza kubisika kwa zaka zambiri pansi pa dzina la mbale wake wochuluka.

Nanga zilembozi zimaperekedwa bwanji? IUCN, yomwe likulu lake lili ku Gland m'dziko la Switzerland, inayamba Red List mu 1964, ndipo malamulo omwe akugwira ntchito pano anakhazikitsidwa mu 2001. Pamwamba pa makwerero pali EX, mtundu womwe unatheratu, ndi EW, womwe watsala m'manja mwa anthu mokha, kutchire kulibe. Kenako pali magawo atatu a zomwe zili pachiopsezo: CR ndiye ngozi yoopsa kwambiri, EN ngozi yaikulu, VU ngozi yocheperapo. Pansi pake pali NT, zoyandikira chiopsezo, ndi LC. Palinso DD, ya zamoyo zomwe umboni wake ndi wosakwanira kugamula, ndipo gawo limeneli lisamatengedwe ngati uthenga wabwino. Ounika saika chamoyo pa gawo chifukwa chochimvera chisoni. Pali miyeso isanu, ndipo umodzi wokha ukakwanira, chamoyocho chalowa. Wina umaona kuchepa kwa dera: mtundu wopezeka m'dera losakwana masikweya kilomita 5,000, lomwenso likuduka zidutswa ndi kucheperachepera, ukhoza kulowa pa EN. Wina umaona chiwerengero: zazikulu zotha kubereka zikakhala zosakwana 250 ndi EN, zosakwana 50 ndi CR.

Muyeso womwe ukukhudza nkhani yathu ndi wa kuchepa kwa chiwerengero. Ngati chomwe chikuchititsa sichinathe, kuchepa ndi 30 peresenti kumaika mtundu pa VU, 50 peresenti pa EN, ndipo 80 peresenti pa CR. Koma chinsinsi chili pa nthawi yoyezera. Lamulo limati zaka 10 kapena mibadwo itatu ya chamoyocho, potengera chomwe chili chachitali. Apa ndi pomwe gumbwa ndi stingray amasiyanirana kutali, chifukwa m'badwo wa chamoyo umadalira mmene chimaberekera.

Gumbwa amabereka pawiri. Ngayaye imodzi imatulutsa timbewu tambirimbiri tomwe timatengedwa ndi madzi ndi mphepo. Komanso pansi pali chitsinde chokwawa chomwe chimaphukira mapesi atsopano kutsogolo kwinaku akale akuuma kumbuyo. Zitsindezi zimalukana kukhala chiphasa cholimba choyandama, choti nthawi zina chimaduka n'kuyenda ndi madzi ngati kachilumba, n'kukamera kwina. Gumbwa amapanga chakudya chake m'njira yofanana ndi ya chimanga ndi nzimbe, yomwe akatswiri amaitcha C4, yothamanga kwambiri pa dzuwa lotentha, ndipo ali m'gulu la zomera zokula msanga padziko lonse. Mukamudula kapena moto ukadutsa, chitsinde chikangotsala m'madzi, chaka chisanathe waimanso. Onjezerani kuti amapezeka kuyambira ku dambo lalikulu la Sudd m'dziko la South Sudan, madambo ozungulira nyanja ya Victoria, chigwa cha Congo, Bangweulu ku Zambia, chigwa cha Shire, mpaka ku Okavango ku Botswana ndi ku Madagascar. Chomera chotere sichingatheretu padziko posachedwa. LC yake ndi yoona.

Stingray siikira mazira m'madzi. Ana amakulira m'mimba mwa mayi, poyamba akudya chachikasu cha m'dzira lawo, kenako madzi amafuta otuluka m'chiberekero. Pobadwa amakhala atakwanira kale, pafupifupi masentimita 30 m'lifupi, koma amabadwa ochepa zedi, mmodzi mpaka anayi. Amatenga zaka kuti akhwime. Nsomba ya mafupa yoikira mazira zikwizikwi ikhoza kuchira msanga asodzi akaipatsa mpata, koma apa yaikazi imodzi yaikulu ikafa, patayika zaka zambiri za kubereka zomwe palibe chozibwezera mwachangu. Ndipo sikuti asodzi amachita kuisaka nthawi zonse. Zambiri zimakodwa mwangozi pa zingwe za mbedza zambiri ndi maukonde otchera nsomba zina. Zina zimagwidwa ndi alendo owedza mongosangalala, omwe amalimbana nayo maola ambiri asanaibweze, ndipo zazing'ono zimagulitsidwa kwa oweta nsomba zoonetsa.

Madzi akaipa, nyama yogona pansi ndiyo imayamba kumva. Mu 2016 stingray zoposa 70 zinapezeka zitafa mumtsinje wa Mae Klong ku Thailand m'masabata ochepa, ndipo akuluakulu a boma analoza chala madzi oipa otayikira mumtsinjewo kuchokera ku fakitale ya ethanol kumtunda. Kwa mtundu wobereka ana anayi kapena kucheperapo, imfa zotere mumtsinje umodzi ndi chilonda chosapola msanga. Pa Mekong vuto lalikulu ndi madamu a magetsi. Ku China aliko angapo pa mtsinje weniweniwo, ndipo ku Laos damu la Xayaburi linayamba kugwira ntchito mu 2019, la Don Sahong mu 2020, ili lachiwirili lili pafupi kwambiri ndi malire a Cambodia, kumtunda kwa komwe Boramy anagwidwa. Damu limatsekera nsomba njira, limagwira mchenga ndi matope omwe amayenera kutsika, ndiponso limasokoneza nyengo ya kusefukira yomwe nsomba za mumtsinjewu zimadalira poswana. Kumunsi nako anthu akukumba mchenga wa pansi pa mtsinje wogulitsa kwa omanga.

Si ya mu Mekong yokha. Kafukufuku wamkulu wa mu 2021, wokhudza mitundu pafupifupi 1,200 ya shaki, ma ray (gulu lomwe muli stingray) ndi abale awo, anapeza kuti pafupifupi umodzi mwa mitundu itatu iliyonse uli pachiopsezo, ndipo choyambitsa chachikulu ndi usodzi wopitirira muyeso. Mu December 2023 IUCN inalengeza kuti Urolophus javanicus, kambale kakang'ono ka stingray ka ku Java, kanatheratu. Asayansi anakaonapo kamodzi kokha, pomwe Eduard von Martens wa ku Germany anagula kamodzi pamsika wa nsomba ku Jakarta mu 1862. Kanatha anthu asanadziwe chomwe kamadya kapena komwe kamaswana. Kanali ka pachilumba chomwecho chomwe Bleeker anapezako kamwana kake kaja zaka khumi m'mbuyo mwake.

Tibwerere kwa gumbwa, chifukwa apa ndi pomwe zilembo zimasocheretsa anthu. Red List ya dziko lonse imafunsa kuti: kodi mtunduwu ungatheretu padziko lapansi? Siifunsa ngati dambo la kwanu lidzakhalepo zaka makumi awiri zikubwerazi. Umboni wake uli ku Iguputo konko. Dziko lomwe linalemba mbiri yake pa gumbwa, lomwe nsanamira za akachisi ake zinasemedwa motengera ngayaye yake, komwe nkhani ya khanda Mose imati linabisidwa m'kabokosi ka gumbwa, linafika poti chomerachi sichikupezekanso m'mbali mwa Nile. Madambo anaumitsidwa n'kusanduka minda, ngalande zinawongola madzi, ndipo pepala litafika panalibenso chifukwa chomulimira. Kagulu kochepa komera kokha kanadzapezeka m'zaka za m'ma 1960 ku Wadi El Natrun, m'chipululu cha kumadzulo kwa mathiriro a Nile. Gumbwa yemwe alendo amagula lero ku Cairo ndi ku Luxor ndi wochita kubzala. M'chigwa cha Hula kumpoto kwa Israel, komwe kunali dambo lalikulu la gumbwa, madzi anachotsedwa m'zaka za m'ma 1950, n'kutsala kachigawo kochepa kotetezedwa. Patapita zaka dothi la pamenepo linayamba kutitimira ndi kupsa pansi, mpaka m'zaka za m'ma 1990 anabwezeretsa madzi pa mbali ina. Ku nyanja ya Naivasha ku Kenya, mpanda wa gumbwa womwe unkazungulira nyanja wachepa kwambiri chifukwa cha kutsika kwa madzi, ziweto ndi kutsegula minda. Zonsezi zachitika, koma chilembo cha gumbwa ndi LC, ndipo chilembocho sichikunama.

Chomwe chimatayika dambo la gumbwa likapita si gumbwa yekha. Mizu yake imachepetsa liwiro la madzi, matope n'kukhazikika asanakalowe m'nyanja. Imayamwa zonyansa: dambo la Nakivubo ku Kampala lakhala likusefa madzi oipa a mumzindawo asanafike m'nyanja ya Victoria, ndipo pomwe likudyedwa ndi nyumba ndi minda, nyanjayo ndiyo ikulandira zonsezo. Dambo limasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Pansi pake timaswana tiana ta nsomba. Ndipo pali zamoyo zomwe sizidziwa kwina kokhala. Kambalame kachikasu kotchedwa Calamonastides gracilirostris, ka m'madambo a ku Uganda, Rwanda, Burundi ndi kumadzulo kwa Kenya, kali pa VU. Mbalame ina yofiira pachifuwa, Laniarius mufumbiri, yomwe imakhala m'gumbwa mokhamokha, ili pa NT. Chimbalame cha mlomo waukulu chotchedwa shoebill, chomwe alendo amapitira ku Bangweulu kukachiona, chili pa VU. Mwininyumba ali bwino pa ndandanda, koma alendi ake ali pachiopsezo. Chifukwa chake n'chosavuta: gumbwa akhoza kutha m'madambo zana n'kukhalabe wambiri ku Sudd, pomwe kambalame ka madambo ochepa a kum'mawa kwa Africa kalibe kothawira.

Kwathu kuno nkhaniyi tili nayo m'chigwa cha Shire. Dambo la Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, muli gumbwa, bango ndi njedza, ndipo anthu ambirimbiri amadalira nsomba zake, madimba a m'mphepete madzi akaphwera, ndi zomera zake zolukira ndi kumangira. Dzinalo linachokera kwa David Livingstone, yemwe podutsa mu 1859 analemba kuti anaona njovu mazanamazana. Lero m'dambomo mulibe njovu, ngakhale kuti njovu monga mtundu zikadalipo mu Africa. Kutha kwa pamalo kumaoneka chonchi, ndipo ndandanda wa dziko lonse sukuonetsa. Mbali inayo tili nayonso. Mu 2018 IUCN inaika mitundu itatu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi pa CR, sitepe imodzi pamwamba pa stingray ya mu Mekong. Ambiri sanakhulupirire, ati chambo tikuchiona pamsika. Koma muyeso uja sufunsa ngati nsomba ikupezeka. Umafunsa kuti yachepa bwanji poyerekeza ndi kale, ndipo msodzi aliyense wachikulire wa ku Mangochi kapena ku Malombe yankho lake akulidziwa. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje nawo uli pa CR.

IUCN yokha inazindikira mpata umenewu. Pali malamulo opangira ndandanda wa dziko limodzi kapena chigawo, momwe muli gawo la RE, la chamoyo chomwe chatha kuno koma kwina chilipo. Mu 2014 bungweli linavomerezanso ndandanda wina woona malo athunthu, monga dambo, nkhalango kapena nyanja, m'malo mwa mtundu umodziumodzi. Kwa chomera ngati gumbwa, muyeso umenewu ndiwo woyenera, chifukwa phindu lake lili m'kuchuluka kwake pamalo amodzi. Mapesi khumi okongoletsa pakhomo la hotela amakwanira kuti mtundu usatheretu, koma sasefa madzi ndipo saswetsa nsomba.

Chodabwitsa n'chakuti zamoyo ziwirizi, zomwe zili m'maufumu osiyana komanso m'makontinenti osiyana, zimakumana pa pangano limodzi. Pangano loteteza madambo linasainidwa mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971. Chigawo cha Mekong cha ku Stung Treng chinalembedwa pansi pa panganoli mu 1999. Nyanja ya Chilwa inali malo oyamba a Malawi kulembedwa, ndipo Elephant Marsh inatsatira mu 2017. Kulembedwa kotere sikuthamangitsa anthu. Mfundo yake ndi kugwiritsa ntchito mwanzeru, ndipo mphamvu yake imadalira boma ndi anthu a pamalopo. Koma chisamaliro chomwe aliyense mwa awiriwa akufuna n'chosiyana. Kwa stingray, nyama imodzi ili ndi kulemera kwake, n'chifukwa chake ntchito ya ku Cambodia yatsamira pa asodzi, kuti yaikulu ikakodwa aimbe foni m'malo moipha, komanso pa kuteteza maiwe akuya omwe zimakhalamo. Kwa gumbwa, phesi limodzi si kanthu, ndipo kudula kwa oluka mphasa sikumupha ngati akusiya zitsinde ndi kupatsa malo nthawi yophukanso. Chomupha ndi ngalande youmitsa dambo, khasu lozula zitsinde, moto wa chaka ndi chaka pa dambo louma, ndi kusintha kwa kayendedwe ka madzi kumtunda.

Pa chomalizachi ndi pomwe ngozi zawo zimafanana, pakuti onse awiri moyo wawo uli pa madzi omwe amakwera ndi kutsika pa nyengo yake. Ku South Sudan ngalande ya Jonglei, yomwe inayamba kukumbidwa mu 1978 kuti madzi a Nile azilambalala Sudd, inaima m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha nkhondo, ndipo nkhani yoiyambiranso imabukabe nthawi ndi nthawi. Ku Cambodia boma linalengeza mu 2020 kuti silimanga damu pa mtsinje weniweni wa Mekong kufikira 2030, zomwe zinaimitsa mapulani a madamu awiri akuluakulu, la Sambor ndi la Stung Treng. Lachiwirili likanamangidwa m'chigawo chomwecho cha maiwe akuya.